Malikisi a LSAT akaima malo amodzi: ndondomeko yoti ayambenso kukwera

Mayi aliyense amene anapitako ndi mwana ku sikelo amalidziwa khadi lija lokhala ndi mzere wokwera. Mwezi uno mwana walemera makilogalamu 8, mwezi wamawa 8 omwewo, winawo chimodzimodzi. Namwino wodziwa ntchito yake sanena kuti bwerani naye mawa tidzamuyezenso. Amafunsa kuti mwanayu akudya kangati pa tsiku, m'phala mukuthiramo nsinjiro kapena ayi, sakutsegula m'mimba kodi. Amadziwa kuti sikelo imangonena zomwe zilipo, siwonjezera mnofu.

Ine zimenezi ndinazimvetsa mochedwa. Pokonzekera mayeso a LSAT, omwe sukulu zambiri za malamulo ku America ndi ku Canada zimafuna munthu akamafunsira malo, ndinayambira pa 146. Pakutha pa miyezi iwiri ndinali pa 156, ndikudziona ngati katakwe. Kenaka zinangoima. 157, 155, 158, 156, 157. Loweruka lililonse ndinkalemba mayeso oyeserera athunthu, n'kuona malikisi, n'kugwa mphwayi, n'kudikira Loweruka lina. Miyezi inayi inatha ndikungomubweza mwana pa sikelo.

Kwa amene mukungomva kumene: mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la LSAC, lomwe likulu lake lili ku Newtown m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo anayamba kulembedwa mu 1948. Malikisi amayambira pa 120 kulekezera pa 180. Kusiyana ndi MSCE, komwe munthu amavina akapeza mapointi ochepa, kuno wovina ndi amene wakwera. Kuyambira mu Ogasiti 2024 pali magawo anayi a mphindi 35 lililonse: awiri a Logical Reasoning (kuweruza ngati mfundo ya wolemba ikugwirizana ndi umboni wake), limodzi la Reading Comprehension (kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso ake), ndi lina lomwe siliwerengedwa chifukwa akungoyesera mafunso atsopano, koma simuuzidwa kuti ndi liti. Ndi mayeso a anthu ofuna JD, digiri yoyamba ya malamulo m'maiko amenewo. Ngati muli kale ndi LLB, digiri yoyamba ya malamulo ya ku Zomba kapena ku Lusaka, ndipo mukufuna LLM, yomwe ndi digiri ya masitazi, kawirikawiri LSAT sikukhudzani.

Choyamba: tsimikizani kuti mwaimadi

Mayeso awiri otsatizana ofanana malikisi sindiko kuima. Ngakhale a LSAC eniake akamatulutsa zotsatira amaikapo kamzere kosonyeza kuti luso lanu lenileni lili penapake m'mwamba kapena m'munsi pang'ono mwa nambala mwapezayo. Choncho 158 lero ndi 155 sabata yamawa akhoza kukhala munthu yemweyo, kusiyana kwake n'kukhala tulo kapena nkhani imodzi yovuta ya sayansi. Tengani mayeso asanu omaliza, muphatikize malikisi, mugawe ndi 5. Chitani chimodzimodzi ndi asanu a m'mbuyo mwake. Nambala ziwirizo zikafanana, kapena zikasiyana ndi imodzi yokha, mwaima.

Dzifunseninso moona mtima mmene mumalembera. Mumalemba magawo onse anayi? Mumapuma mphindi 10 zokha pakati pa gawo lachiwiri ndi lachitatu, monga zimakhalira tsiku lenilenilo, kapena mumakawiritsa tiyi n'kuyankha mauthenga a pa WhatsApp? Mumalembera pa kompyuta, pa LawHub, tsamba la pa intaneti la LSAC, komwe mafunso amaoneka ngati mmene adzaonekere? Ena amaganiza kuti aima pa 162 pomwe m'choonadi ali pa 157, kungoti amadzipatsa timphindi towonjezera.

Ndipo ngati m'bale wanu anakupatsani mabuku ake akale, dumphani mitu yonse ya Logic Games. Gawo limenelo linachotsedwa mu 2024, kutsatira mgwirizano wa mu 2019 womwe unathetsa mlandu wa anthu osaona omwe ankadandaula kuti mafunsowo amafuna kujambula. Mafunso akale a magawo ena awiriwo akadali othandiza.

Chachiwiri: lekani kulemba mayeso athunthu kwa masabata atatu

Izi zimawawa, chifukwa kulemba mayeso athunthu kumapatsa munthu mtima woti wagwira ntchito. Maola awiri ndi theka uli pampando, mutu kuuma, ndiye wosati walimbikira ndani? Koma ma PrepTest, omwe ndi mayeso enieni a zaka zam'mbuyo, ali ndi malire. Mukawatha onse mulibenso poyezera. Ine ndinawononga oposa khumi ndi asanu osaphunzirapo kanthu. Sungani atsopano kwambiri kuti adzagwire ntchito kumapeto. Masabata atatu amenewa muzilemba gawo limodzilimodzi, ndipo nthawi yambiri ithere pa zomwe zikutsatirazi.

Chachitatu: lembani gawo limodzi kawiri musanaone mayankho

Ophunzitsa LSAT amazitcha blind review. Mulembe gawo limodzi pa mphindi 35 zake. Funso lililonse lomwe simunatsimikize ndi mtima wonse, liikeni chizindikiro. Nthawi ikatha, musatsegule mayankho. Apa ndiye povuta, chala chimayabwa. Bwererani ku mafunso onse mwaika chizindikiro aja, ndi omwe simunawafike, muwayankhenso popanda wotchi. Funso limodzi likafuna mphindi 15, lipatseni. Musachoke mpaka mutatha kunena chifukwa chomwe mayankho anayi mwa asanu omwe mwapatsidwa ali olakwa, osati chabe chifukwa chomwe limodzi likukomerani. Mukatero ndiye muone mayankho.

Mudzakhala ndi malikisi awiri, a wotchi ndi opanda wotchi, ndipo kusiyana kwake ndiko kumakuuzani matenda. Ngati pa wotchi mwalakwa 9 koma popanda wotchi mwalakwa awiri okha, nzeru zilipo, vuto ndi liwiro ndi phuma. Ngati konsekonse mwalakwa 8 kapena 9, kuthamanga sikungakuthandizeni, pali china chomwe simunachimvetse ndipo mukachilemba mothamanga mudzangochilakwa msanga. Anthu ambiri oima pakati pa 150 ndi 160 amalumbira kuti vuto lawo ndi nthawi. Inenso ndinkatero. Tsiku loyamba kuyesa njirayi ndinakhala maola awiri pa gawo limodzi, n'kulakwabe 7. Manyazi anandigwira, koma ndi tsiku limenelo pomwe ndinayamba kuphunzira.

Pali mafunso ena ofunika kuwaopa kuposa onse: omwe simunaike chizindikiro, munali otsimikiza, koma mwalakwa. Amenewa akusonyeza kuti pali kaganizidwe kolakwika komwe inu mumakaona ngati kolondola, ndipo kamabwerera pa mayeso alionse osakuuzani. Onaninso omwe munakhoza pa wotchi n'kuwasintha kukhala olakwa mutadekha. Kumeneko kunali kungogwerapo, ndipo tsiku lenileni mwayi wotero sulonjezedwa.

Chachinayi: gulani kope la zolakwa

Kope wamba, la mizere, lolemba ndi dzanja. Ena amakonda kompyuta, palibe vuto, koma ine ndinaona kuti dzanja limandichedwetsa mokwanira kuti ndiganize. Funso lililonse mwalakwa, ndi lililonse mwakhoza mokayikira, lilowe m'kopemo: nambala ya PrepTest, gawo, nambala ya funso, ndi mtundu wake, kaya ndi weaken (kufooketsa mfundo), strengthen (kuilimbitsa), flaw (kupeza pomwe yalakwika), necessary assumption (chomwe mfundoyo singaime popanda icho), must be true (chomwe chiyenera kukhala choona) kapena parallel reasoning (kupeza mfundo ya kaganizidwe kofanana nayo). Izi n'zosavuta. Ntchito yeniyeni ili pa mizere itatu yotsatira: chomwe chinandikopa pa yankho ndinasankhalo, liwu kapena mawu enieni omwe akulipangitsa kukhala lolakwa, ndi chomwe chinandichititsa kukana yankho lolondola.

Musalembe kuti "sindinawerenge bwino" kapena "ndinapupuluma". Mawu amenewo ndi bulangete lobisira ulesi. Simunawerenge bwino liwu liti? Munapupuluma kuchoka pati kupita pati? Lembani kuti: "Nkhani ikunena za milandu yomwe inakanenedwa kupolisi, ine ndinamva ngati ikunena za milandu yonse yomwe inachitika." Chimenecho ndi cholakwa chomwe mungachizindikire mukadzakumana nachonso.

Chinthu china chomwe chinandithandiza, chomwe anzanga a ku America analibe: ndinkafotokoza funsolo m'Chichewa. M'Chingerezi n'kosavuta kudzinamiza, umangobwereza mawu a m'nkhaniyo n'kumva ngati wamvetsa. Koma yesani kufotokozera agogo anu, m'chilankhulo chawo, chifukwa chomwe mfundo ya wolembayo ikutsimphina. Mukakanika, simunamvetse.

Zolakwa zikafika 40 kapena 50, khalani pansi muwerenge kope lonse tsiku limodzi. Mudzadabwa. Ine ndinkaganiza kuti ndimalakwa paliponse, koma zoposa theka zinali za mitundu iwiri yokha, necessary assumption ndi flaw, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndinkasankha yankho lomwe ndi loona m'moyo weniweni koma losakhudza mfundo ya wolembayo. Miyezi inayi yonse ija ndinkapunthwa pa chitsa chimodzi.

Chachisanu: timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ife olankhula Chichewa timagwera mosadziwa, ngakhale amene Chingerezi chawo n'chakupsa. Mawu akuluakulu a zamalamulo kapena a sayansi si omwe amalakwitsa munthu pa LSAT. Olakwitsa ndi some, many, most, only if ndi unless.

Tiyambe ndi "ambiri". M'Chichewa liwu limodzi limeneli limanyamula many ndi most pamodzi. Pa LSAT ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Most ndi oposa theka, basi. Many sanena chilichonse za theka: anthu 500 mu mzinda wa anthu miliyoni ndi many, koma sali pafupi n'komwe ndi most. Mutu ukamasulira mwakachetechete mawu onsewo kukhala "ambiri", mudzasankha yankho lonena most pomwe nkhani inangoti many, ndipo mudzakhala otsimikiza ndithu.

Kusiyanaku kuli ndi phindu lake. Tinene kuti m'kalasi muli ana 10. Oposa theka amasewera mpira, oposa theka amaimba kwaya. Ndiye kuti osewera mpira ndi 6 kapena kuposa, oimba ndi 6 kapena kuposa, ndipo 6 kuphatikiza 6 sangakwane m'kalasi ya ana 10 popanda ena kuchita zonse ziwiri. Kuchokera pa most awiri onena za gulu limodzi mungathe kutsimikiza kuti alipo wochita zonse ziwiri. Kuchokera pa many awiri, kapena some awiri, simungatsimikize kanthu. Mafunso a must be true amakonda kamsampha kameneka.

Nayenso some ali ndi nkhani yake. Tikati "ena anabwera ku maliro", aliyense amamva kuti enanso sanabwere. Pa LSAT some amangotanthauza kuti alipo mmodzi kapena kuposa, ndipo akhoza kukhala onse. Nkhani ikati some judges agreed, simunauzidwe kuti alipo woweruza amene anakana. Musawonjezere.

Tsopano "pokhapokha", yemwe kwathu amagwira ntchito ya unless ndi only if. Wachinyamata akauza amalume ake kuti "Sindipita ku ukwatiko pokhapokha mutandigulira suti," amalume amamva lonjezo: ndikagula suti, apita. Pocheza zili bwino. Pa LSAT mnyamatayo sanalonjeze kupita. Wangonena kuti popanda suti palibe ulendo. Suti ikhoza kugulidwa iye n'kudwala malungo, kapena kungosintha maganizo, ndipo sananame. Zomwe mungatsimikize ndi ziwiri zokha: suti ikapanda kugulidwa sapita, ndipo mukamuona ku ukwatiko ndiye kuti suti inagulidwa.

Chimodzimodzi ndi "aliyense". Aliyense wokwera ndege ya ku Johannesburg ali ndi pasipoti. Wopanda pasipoti sanakwere, izi n'zoona. Koma kukhala ndi pasipoti sikutanthauza kuti munthu wakwera ndege, ambirife mapasipoti amangogona m'sutikesi. Ndikamazinena chonchi zikuoneka zachibwana. Dikirani azibise m'chiganizo cha mizere inayi chonena za malamulo a misonkho, wotchi ikuyenda. Tengani mafunso 20 okhala ndi mawu amenewa, popanda wotchi, ndipo pa lililonse mulembe kuti chofunikira ndi chiti (monga pasipoti kwa wokwera ndege), chokwanira ndi chiti (monga kukwera ndege, komwe kukutsimikizira kuti pasipoti ilipo). Bwerezani masiku angapo mpaka mutu uzizichita wokha.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani mpata musanayang'ane mayankho

Popeza Logical Reasoning tsopano ndi magawo awiri mwa atatu owerengedwa, malikisi ambiri agona kuno. Mafunso ambiri a gawoli ali ngati kamlandu kakang'ono: pali chigamulo, chomwe wolemba akufuna mukhulupirire, ndipo pali umboni womwe wapereka. Pakati pa ziwirizi pamakhala mpata. Ntchito yanu ndi kuuona mpatawo musanatsike ku A, B, C, D ndi E.

Mwachitsanzo: khonsolo ina inaika magetsi a mumsewu, chaka chotsatira milandu ya kuba yomwe inakanenedwa kupolisi inachepa, choncho magetsi achepetsa umbava. Imani pomwepo. Chigamulo chikunena za umbava, umboni ukunena za milandu yokanenedwa. Nanga ngati anthu anangotopa n'kukanena? Nanga ngati chaka chomwecho anawonjezera apolisi oyendera usiku? Mukatsika ku mayankho muli ndi mafunso amenewa m'mutu, mumapita ngati munthu wolowa mumsika akudziwa chomwe akufuna. Mukatsika opanda kanthu, ogulitsa asanu onse amakukokani. Mayankho olakwa a LSAT amalembedwa ndi akatswiri kuti akome, amabwereza mawu a m'nkhani, amanena zinthu zomveka zanzeru. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa amene mukuvutika ndi ma assumption monga ndinkachitira ine, siyanitsani mitundu iwiriyi bwinobwino. Wina akuti: amalume apita kumsika, chifukwa njinga yawo palibe pakhomo. Necessary assumption ndi chomwe mfundoyi singaime popanda icho, monga chakuti njingayo sinabwerekedwe ndi munthu wina. Njira yoyesera ndi kulitembenuza yankholo: tinene kuti inabwerekedwadi. Mfundo yagwa. Ndiye kuti yankholo ndi lofunikira. Sufficient assumption ndi chomwe chikawonjezedwa chimatseka mpata wonse: nthawi iliyonse njinga ikasowa pakhomo, amalume amakhala ali kumsika. Chiganizo chimenechi n'champhamvu kwambiri, ndipo pa funso la sufficient ndi chomwe mukufuna. Pa funso la necessary ndi msampha, chifukwa wolankhulayo safunika kukhulupirira za nthawi iliyonse, akungonena za lero. N'chifukwa chake pa necessary assumption ndi must be true yankho lolondola nthawi zambiri limakhala lofatsa, losasangalatsa, lokhala ndi timawu ngati some kapena may, pomwe lolakwa limabwera ndi always ndi never.

Ndipo siyani nzeru zanu pakhomo. Ngati munaphunzira za ulimi ndipo funso likunena zabodza zokhudza feteleza, si ntchito yanu kukonza. Umboni mumaulandira momwe ulili, chomwe mukuweruza ndi ngati ukufikitsa ku chigamulocho.

Mukadziwa mitundu iwiri kapena itatu yomwe ikukugwetsani, sonkhanitsani mafunso a mtundu umodzi kuchokera m'ma PrepTest akale, muyambe ndi osavuta, 10 kapena 15 pa tsiku, popanda wotchi. Mukayamba kukhoza pafupifupi onse, kwerani ku ovuta. Wotchi ibwere pomaliza.

Chachisanu ndi chiwiri: Reading Comprehension

Ambiri amati gawo ili silisunthika. Limasunthika, kungoti pang'onopang'ono. Pali nkhani zinayi, kawirikawiri za malamulo, sayansi, zaluso ndi mbiri, ndi za chikhalidwe cha anthu, ndipo imodzi nthawi zambiri imakhala nkhani ziwiri zazifupi zoti muziyerekeze. Mukagawa mphindi 35 mofanana, nkhani iliyonse ndi mafunso ake imapeza mphindi 8 ndi masekondi 45.

Sukulu zathu zinatiphunzitsa kuloweza: chaka, dzina, tanthauzo. Kuno zimenezo zimakuchedwetsani chabe, poti nkhaniyo ili pomwepo pa kompyuta, mukhoza kubwererako. Chofunika kugwira powerenga ndi chakuti akulankhula ndani, akutsutsana ndi ndani, ndipo wolemba mwiniwake waima mbali iti. Werengani ngati mukumvera mlandu pabwalo la amfumu: uyu wanena zake, uyo wayankha, nanga nyakwawa ikupendekera kuti? Wolemba sawonetsa mbali yake mofuula. Amaibisa m'timawu ngati unfortunately, rightly, supposedly, kapena m'chiganizo choyamba ndi however. Mukamaliza ndime iliyonse, nenani mumtima ndi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi ntchito yomwe ndimeyo yagwira: "maganizo akale", "wotsutsa walowa", "wolemba akugwirizana naye pang'ono".

Poyeserera, yankho lililonse mwasankha muzitha kuloza mzere womwe ukuliikira kumbuyo. Mukalephera kuloza, mwayankha za m'mutu mwanu. Ndipo musamapake mitundu nkhani yonse. Ndinaonapo mnzanga atapaka pafupifupi chiganizo chilichonse, nkhani n'kuoneka ngati chitenje, pofuna kupeza mfundo osadziwanso poyang'ana.

Chachisanu ndi chitatu: tsopano nkhani ya nthawi

Malikisi opanda wotchi akakwera, ndiye mubwerere ku liwiro. Gawo la Logical Reasoning limakhala ndi mafunso pafupifupi 25, kutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 24 pa funso, koma musagawe mofanana. Mafunso 10 oyambirira kawirikawiri amakhala opepuka, ovuta amachulukana chakumapeto. Yesetsani kumaliza 10 oyambawo m'mphindi 10 kapena 12 popanda kulakwa, kuti nthawi yotsalayo ikathandize kutsogolo.

Funso lililonse lili ndi mtengo wofanana, lovuta ndi losavuta, ndipo kulakwa sakuchotserani kanthu. Choncho funso likakukanikani kwa mphindi ziwiri, sankhani chilichonse, liikeni chizindikiro, pitirirani. Musasiye funso losayankhidwa. Mafunso a parallel reasoning, omwe yankho lililonse ndi kankhani kakekake, ndi oyenera kuwasiyira kumapeto ngati amakudyerani nthawi. Mafunso owerengedwa onse ndi ochepera pang'ono pa 80, ndipo munthu wofuna 160 akhoza kuphonya ambiri ndithu n'kufikabe. Ngati muli pa 153, kuchita bwinobwino nkhani zitatu za Reading Comprehension n'kungolotera yachinayi kumaposa kuthamangira zonse zinayi n'kulakwa paliponse. Wofuna 170 alibe mwayi umenewo, iye ayenera kufika pa funso lililonse ndipo zophonya zake zisafike 10.

Chachisanu ndi chinayi: bwererani ku mayeso athunthu, koma mosinira

Masabata atatu aja akatha, lembani mayeso athunthu amodzi pa sabata, osapitirira awiri, pa ola lomwe mudzalembere enieniwo. Mayeso amodzi azitsatiridwa ndi masiku awiri owaunika ndi kulemba m'kope. Musadabwe oyamba akatsika. Njira zatsopano zimayamba zakuchedwetsani zisanazolowereke. Anga oyamba anali 154, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya kope lija. Achitatu anali 161.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo ndinkawerenga ndikangoweruka, maso ali psuu. Nditasintha n'kumayamba ndagona kaye, n'kuwerenga ola limodzi ndi theka mutu uli bwino, zolakwa za phuma zinachepa zokha. Tsiku limodzi pa sabata musagwire buku. Ndipo musamangosinthasintha aphunzitsi ndi makosi a pa intaneti sabata iliyonse poganiza kuti chinsinsi chili kwa winayo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati mungapeze mnzanu mmodzi wokonzekera mayeso omwewa, muzikumana kamodzi pa sabata, aliyense afotokozere mnzake mafunso asanu omwe analakwa. Pofotokoza m'pamene mabowo amaonekera.

Chakhumi: kusankha tsiku lolemba

Dziwani nambala yomwe mukuifunadi. Sukulu iliyonse yovomerezedwa ndi American Bar Association, bungwe la maloya la ku America, imasindikiza chikalata chotchedwa Standard 509, chomwe chimaonetsa malikisi a LSAT a ophunzira omwe inawatenga: a pakati, a m'munsi ndi a m'mwamba. Kukhala pamwamba pa nambala ya pakatiyo kumathandiza kupeza malo, komanso kuchotseredwa fizi, zomwe kwa ambirife ndiye nkhani yaikulu. Mwina mudzapeza kuti sukulu mukuifunayo nambala yake ya pakati ndi 158, ndipo mwakhala mukudzizunza kufuna 170 pachabe.

Lembetsani pamene mayeso anu asanu omaliza, mukawagawa, akufika pa nambala imeneyo kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa tsiku lenileni mantha amadyako. Musalembe kuti mungoyesa mwayi. LSAC imalola kulemba kasanu m'zaka zisanu, koma osapitirira maulendo 7 moyo wonse, ndipo sukulu zimaona maulendo onse. Chotonthoza n'chakuti kuyambira mu 2006 sukulu za ku America zimapereka ku American Bar Association malikisi apamwamba a wophunzira aliyense, osati ophatikiza n'kugawa, choncho zambiri zimayang'ana apamwambawo. Za ku Canada fufuzani imodziimodzi, iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Kumbali ina, sukulu zambiri zimayamba kuunika makalata ofunsira malo akangoyamba kufika chakumapeto kwa chaka, ndipo malo ndi ndalama zimanka zichepa. Kuchedwetsa mayeso ndi mwezi umodzi kapena iwiri kuti mukwere ndi 4 kapena 5 n'kwanzeru. Kuchedwetsa mpaka Febuluwale chifukwa chofuna kuwonjezera imodzi yokha kungakutayitseni zambiri kuposa zomwe mwapeza.

Pomaliza pali kagawo kolemba nkhani, LSAT Argumentative Writing, komwe mumalemba panokha pa intaneti tsiku lina: mphindi 15 zokonzekera ndi 35 zolemba. Sikawerengedwa pa 120 mpaka 180, koma sukulu zimalandira zomwe mwalemba, ndipo ngati ndi ulendo wanu woyamba malikisi anu satuluka mpaka kagawoka katalembedwa ndi kuvomerezedwa. Kamatsegulidwa kutatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Kalembeni sabata yomweyo, pa kompyuta yokhala ndi kamera, m'chipinda chopanda munthu wina, chiphaso chanu chili pafupi.